KUKONZA INJINI YA BOTI YOSWEDWA NDI CISANU

Anthu a m'matauni amene ali ndi firiji adziwa cimene cicitika munthu akaiwala botolo lodzaza madzi m'cipinda cozizira koposa. M'mawa apeza botolo litasweka, madzi atauma gwa ngati mwala. Botolo ndi kanthu ka mtengo wocepa. Koma ku maiko a kumpoto, monga Britain, Norway ndi Canada, cinthu comweco cicitikira mainjini a maboti caka ndi caka, ndipo kumeneko cotayika ndi malipiro a miyezi yambiri, mwinanso moyo wa munthu amene injini yamufera pakati pa nyanja.

Ku maiko amenewo nyengo ya cisanu iyamba ca mu Novembala ndi kutha ca mu Marici. Eni maboti ambiri aturutsa maboti ao pamadzi ndi kuwaimika pamtunda kufikira nyengo yofunda itabweranso. Munthu wosamala acotsa madzi onse m'injini asanaisiye. Wina aiwala, wina adwala, wina amwalira, ndipo boti likhala pabwalo zaka ziwiri kapena zitatu, madzi ali m'kati. Tsiku lina mwana wace kapena munthu wogula afuna kuliyendetsanso. Nkhani ino inena za nchito imene munthu ameneyo ayenera kucita.

Cisanu ca kuno ku Zambia, ca mu Juni ndi Julai, cioca masamba a mbeu m'madambo, koma kawiri-kawiri sicifika poswa citsulo. Komabe mainjini ambiri akale amene agulitsidwa kuno acokera ku maiko ozizira, ndipo ena a iwo akathera m'maboti a pa Kariba, Tanganyika, Mweru ndi Bangweulu. Munthu amene wasunga ndalama zace pa mgodi zaka zambiri kuti akagule boti la usodzi acita bwino kudziwa zipsera za cisanu.

MPHAMVU YA MADZI OUNDANA

Zinthu zambiri zikazizira zicepa. Madzi ali ndi khalidwe lina. Akafika pa madigiri 0 ndi kuundana, atupa, ndipo malita 100 a madzi afuna malo a malita pafupi-fupi 109. Akapeza poturukira, atupira komweko osaononga kanthu. Akatsekeredwa mbali zonse, akankha cowatsekeraco ndi mphamvu imene ikhoza kufika matani 2 pa kamalo kofanana ndi cikhadabo ca cala.

M'nyengo ya cisanu ya 1784 ndi 1785, mkulu wa asilikali a mizinga, Major Edward Williams, anayesa mphamvu imeneyi ku Quebec m'dziko la Canada. Anatenga mabomba a citsulo opanda wonga, a mainci 13 m'mimba mwace, nawadzaza madzi, natseka pakamwa ndi citsekero ca citsulo, nawasiya panja. Pa bomba lina citsekero cinaphulika ndi kugwera kutali mamita oposa 100. Bomba lina linang'aluka lokha. Tsono ngati madzi aswa bomba la nkhondo, khoma la injini, limene pena sirifika ndi sentimita imodzi yomwe, silingalimbe.

Thupi la injini zambiri za maboti, limene amakanika achula kuti buloko, lipangidwa ndi citsulo cosungunula cothiridwa m'cikombole, ca mtundu umodzi ndi mphika wa miyendo itatu kapena simbi ya makala. Citsulo cimeneci cisenza katundu wolemera osadandaula, koma sicidziwa kupindika. Amai adziwa kuti mphika wotere ukagwa pamwala usweka, pamene sefuliya ingophwanyika m'mbali. Madzi oundana akakankha kucokera m'kati, buloko ing'aluka momwemo.

Ngozi ikula makamaka kumene anthu sanazolowere cisanu coopsa. Mu Januwale 1963 nyanja ya mcere inaundana mtunda wa mailo imodzi kucokera pagombe ku Herne Bay, ku England, ndipo maboti onyamula katundu pa ngalande za dzikolo anagwidwa m'madzi oundana milungu yambiri. Mu Febuluwale 2021 cisanu cacikulu cinafika ku Texas, dera lofunda la ku America, magetsi nazima masiku angapo. Mipope ya m'nyumba inaphulika, ndipo eni maboti ambiri amene anali asanacotse madzi anapeza mainjini ao atang'aluka.

NJIRA YA MADZI M'INJINI YA BOTI

Mmisiri asanafune mng'alu ayenera kudziwa kumene madzi ayenda. Galimoto iziziritsa madzi ace ndi mphepo yopita pa redieta. Boti liribe mphepo yotero, popeza injini ikhala pansi m'kacipinda kotsekeka. Cotero litunga madzi a panyanja pomwepo.

Pali njira ziwiri. M'njira yoyamba pampu ikoka madzi a panyanja, niwapititsa m'timipata ta m'buloko ndi m'mutu wa injini, kenaka aturukira pamodzi ndi utsi. Injini yotere ndiyo iri pa ngozi yaikulu, cifukwa m'thupi mwace monse muli madzi wamba. M'njira yaciwiri buloko iri ndi madzi ace-ace osakaniza ndi mankhwala oletsa kuundana, ochedwa antifreeze, ndipo madzi a panyanja angopita m'timapaipi ta mkuwa m'kabokosi kozizirira, kumene alanda kutentha osakhudzana ndi madzi a m'kati. Apa buloko iri yotetezedwa ngati mankhwalawo sanasukuluke, koma pampu, kabokosi kozizirira, coziziritsa oilo ndi zitsulo za utsi zikhala ndi madzi wamba, ndipo zisweka monga zina zonse.

Madzi a mcere sapulumutsa injini. Aundana pa madigiri 2 pansi pa 0, kusiyana kocepa kwambiri. Ndiponso boti loimikidwa pamtunda liri pa ngozi koposa loyandama, pakuti madzi a nyanja asunga kufunda pang'ono pansi pa boti, koma pamtunda mphepo yozizira izungulira injini mbali zonse.

LAMULO LOYAMBA: INJINI ISALIZIDWE

Munthu aliyense akapeza injini yogona, mtima wace ufuna kumanga batire latsopano ndi kumva ngati ilira. Apa ndi pamene mainjini ambiri afera kotheratu. Mng'alu ukakhala m'kati, madzi oundana aja atasungunuka atsikira m'silinda, nakhala pamwamba pa pisitoni. Mpweya upanikizika, koma madzi sapanikizika. Pisitoni ikakwera ndi mphamvu ya sitata, igunda madziwo ngati yagunda mwala, ndipo mkono wace upindika kapena kuthyoka. Injini imene ikadakonzeka ndi ndalama zocepa isanduka ya kudzala m'kamphindi kamodzi.

Cotero mmisiri ayamba ndi kutsegula zitseko zonse za kacipinda ka injini kuti mupite mphepo. Nthunzi ya petulo ilemera koposa mpweya, ndipo m'boti iribe poturukira, ingokhala pansi kudikira kamoto kamodzi. Anthu a pa mgodi adziwa kuopsa kwa mpweya woipa wobisala pamalo otsika. Atatero amasula batire lakale ndi kuliturutsa. Batire lotha mphamvu liundana msanga, ndipo likakhala lotupa m'mbali kapena long'aluka, nlosayenera kulichajanso.

Kenaka atenga nyali ya batire ndi kagalasi, nayang'ana buloko mbali zonse, makamaka kunsi ndi kumbuyo kumene diso silifika lokha. Mng'alu wa cisanu ukonda kuyenda copingasa m'mbali mwa buloko, pansi pa zitsulo za utsi. Cizindikiro cace ndi mzere wa dzimbiri wotsikira pansi, kapena utoto wotukumuka ndi kukanganuka motsata mzere umodzi.

Atatha kuyang'ana kunja, asolola kacitsulo koyezera oilo. Oilo akapitirira pa cizindikiro ca pamwamba, ndiye kuti pali cina cimene calowa pansi pace. M'injini yogona nthawi yaitali madzi akhala pansi, oilo nayandama pamwamba, cotero pomasula pang'ono bauti ya kunsi, kapena popopa kucokera pansi peni-peni, madzi ndiwo ayamba kuturuka. Ngati wina anailizapo kale, oilo aoneka wotuwa ngati tiyi wa mkaka. Komabe madzi m'oilo si umboni wokwanira wa mng'alu, popeza boti losiyidwa losabvundikira lidzala madzi a mvula, ndipo iwo akhoza kulowa m'injini mwa njira zina. Umboni weni-weni ubwera ndi kuyesa.

Tsopano amasula mapulagi onse, kapena mainjekita ngati injini iri ya dizilo, nayang'ana m'silinda iriyonse ngati muli madzi kapena dzimbiri. Athiramo oilo wopepuka pang'ono, nayesa kuzunguza injini ndi sipanala pa bauti ya kutsogolo. Ikakana, sayenera kuikakamiza ndi cipaipi cacitali. Aisiya masiku angapo kuti oilo alowerere, nabwera tsiku ndi tsiku kuigwedeza pang'ono uku ndi uku kufikira itamasuka. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

ZA TIZIBVUNDIKIRO TA M'MBALI

M'mbali mwa buloko muli tizibvundikiro tozungulira tonga ndalama yaikulu yacitsulo. Cisanu cikagwira injini, kawiri-kawiri kamodzi kapena tiwiri tipezeka titakankhidwa ndi kugwera pansi pa boti. Anthu ambiri akhulupirira kuti tinaikidwa dala kuti tipulumutse buloko, ndipo akaona kamodzi katagwa akondwa, nati injini yapulumuka.

Zoona zace nzakuti mabowo amenewo ali ndi nchito yina. Popanga buloko, amisiri aika mcenga woumbidwa m'kati mwa cikombole kuti pakhale timipata ta madzi, ndipo citsulo cikazizira mcengawo uturutsidwa pa mabowo omwewo, kenaka natsekapo. Kabvundikiro kogwa kangonena cinthu cimodzi, kuti m'bulokomo madzi anaundana ndithu. Kuika kena katsopano ndi nchito ya kanthawi kocepa: kupala dzimbiri pabowo, kupaka mankhwala omatira, ndi kukhomera kabvundikiro ka mkuwa kolingana bwino. Koma munthu amene angocita zimenezi ndi kupita panyanja wabvala nsapato pa cironda cosatsuka.

KUYESA NDI MPWEYA

Kuyesa ndiko mtima wa nchito yonse, ndipo kucitika munthu asanagule citsulo ciriconse catsopano. Mmisiri amasula mapaipi onse olowa ndi oturuka m'buloko, natseka mabowo ace zolimba, kusiya limodzi. Pa limeneli amanga pampu ya mpweya yokhala ndi geji. Pampu ya njinga ikwanira. Apopa kufika mapaundi 15, osapitirira kwambiri, nasiya, nayang'ana muvi wa geji kwa mphindi 15 kapena 30.

Muvi ukaima pamalo amodzi, nkhani iri bwino. Ukatsika, mpweya uli ndi poturukira, ndipo nchito ndiyo kupeza pamenepo. Kunja apaka madzi a sopo, monga acita munthu wofuna pobooka pa cubu ca njinga, ndipo thobvu lionetsa mng'alu. Za m'kati azipeza ndi khutu. Amvetsera pa bowo la pulagi iriyonse, pothirira oilo, ndi poturukira utsi. Mpweya ukamveka pa pulagi, bvuto liri m'silinda imeneyo, m'mutu wa injini kapena pa gasiketi. Ukamveka pothirira oilo, mng'alu watsegula njira pakati pa madzi ndi oilo.

Citsulo cosonkhanitsa utsi, cimene amakanika achula kuti manifold, ciyesedwa pacokha. Pa boti citsulo cimeneci ciri ndi makoma awiri, utsi m'kati ndi madzi kunja kwace, ndipo khoma la pakati likang'aluka madzi abwerera m'masilinda pamene injini yazima. Coziziritsa oilo ndi kabokosi kozizirira ziyesedwanso cimodzi-cimodzi, pozimiza m'beseni la madzi ndi kupopamo mpweya.

Ming'alu yina njopyapyala ngati tsitsi. Amisiri akale a njanji anali ndi njira yoipezera imene igwirabe nchito. Atsuka citsulo, napakapo parafini, nadikira kuti alowe, napukuta bwino, nawazapo ufa wa coko. Parafini wobisala mu mng'alu akwera ndi kudetsa cokoyo, ndipo mzere uoneka kucokera poyamba kufika pothera. Masiku ano kuli utoto wofiira wopopera wocita cimodzi-modzi, ndipo m'mashopu akulu ayesa ndi maginito ndi ufa wa citsulo, umene usonkhana pa mng'alu. Ming'alu yina itseguka pokha-pokha citsulo cikatentha, n'cifukwa cace mutu wa injini wokayikitsa uyesedwa m'madzi otentha.

KUSANKHA COCITA

Atapeza zonse, mmisiri akhala pansi ndi mwini boti kuwerenga mtengo. Zitsulo za utsi zong'aluka sizikonzedwa, zisinthidwa. Dzimbiri lidakhala litazidya kale m'kati, ndipo zikalephera ziononga injini yonse. Pampu, coziziritsa oilo ndi mapaipi zigulidwanso zina. Funso lalikulu liri pa buloko ndi mutu.

Mng'alu wa kunja, wa pa khoma la madzi lokha, ukhoza kukonzeka bwino. Mng'alu wa m'khoma la silinda ukonzeka ngati injini iri ya masilinda osololeka, kapena ngati shopu ingathe kukuza bowo ndi kulowetsamo silinda yina. Koma mng'alu wofika pa mipando ya mabering'i, kapena wopita m'njira za oilo kumene cida sicingafike, ndiwo mapeto a buloko imeneyo. Pa injini wamba yopezeka paliponse, kawiri-kawiri kugula buloko yina kucepa mtengo koposa kukonza. Pa injini yakale ya dizilo imene fakitale inaleka kupanga, kukonza ndiyo njira yokha.

KUSOKA CITSULO

Njira yokhulupirika koposa pa citsulo ca cikombole ndiyo kusoka kopanda moto. Inayamba m'zaka za m'ma 1930 ku zitsime za mafuta za ku Texas, kumene kuyatsa moto woocherera pafupi ndi mafuta kunali kuitana imfa. Ubwino wace wina ngwakuti nthawi zambiri icitika injini iri m'boti momwemo.

Poyamba mmisiri aboola kabowo kumapeto onse awiri a mng'alu, kuti usapitirire. Kenaka aboola mizere ya timabowo yodutsa mng'aluwo copingasa, motalikirana pang'ono, nalumikiza timabowo ta mzere uliwonse ndi kacizulo. M'mipata imeneyi akhomeramo timakiyi ta citsulo cosakaniza ndi nikelo, toumbidwa molingana ndi mpatawo, kamodzi pamwamba pa kanzace kufikira padzale. Timakiyi timeneti tigwira mbali ziwiri za mng'alu kuti zisatayane. Atatero aboola motsata mng'alu weni-weniwo, nasemamo mizere ya bauti, namangamo timabauti, kalikonse koluma m'mbali mwa kanzace, kucokera poyamba kufika pothera, kuti pasatsale podzera madzi. Potsiriza adula mitu yace ndi kusalaza. Citsulo sicinatenthedwe, cotero sicinapotoke, ndipo mabowo a masilinda akhala monga anali.

KUOCHERERA NDI KUMATA

Kuocherera nkotheka, koma kufuna mmisiri wozolowera citsulo ca mtundu umenewu. Mwa magawo 100 a citsuloci, 2 kufika 4 ndi kaboni, ndipo pamalo pooca pakazizira msanga pauma ngati galasi, nipang'alukanso m'mbali mwa msoko. Mafitala a pa mgodi amene anayesapo kuocherera thupi la pampu adziwa kakulira kacete kamene citsulo cicita pozizira, konena kuti nchito yaonongeka.

Njira imodzi ndiyo kuphwasula injini yonse, kutenthetsa buloko m'ng'anjo kufika madigiri 500 kapena 600, kuocherera iri yotentha, ndi kuiziziritsa pang'ono-pang'ono usiku wonse yokwiriridwa m'mcenga wouma kapena m'phulusa. Njira yina ndiyo kuocherera ndi ndodo za nikelo buloko iri yongofunda. Apa mmisiri asema ngalande motsata mng'alu, naoca msoko wa masentimita 2 kapena 3 okha, naumenya-menya ndi kanyundo ukali wotentha, nadikira kufikira dzanja lingagwirepo, nayambanso pamalo ena. Wofulumira alephera.

Palinso phala lomatira citsulo, lochedwa epoxy. Pa mng'alu waung'ono wa kunja, woboola kumapeto, wosema ndi wotsuka bwino, phala limeneli likhoza kugwira nthawi ndithu. Koma siribweza mphamvu ya citsulo, lingotseka madzi. Liyenera boti loyenda pafupi ndi gombe. Munthu wonyamula anthu kapena wopita kutali usiku sayenera kuika miyoyo pa phala.

Njira iriyonse imene yasankhidwa, buloko iyesedwanso ndi mpweya isanamangidwe. Cisanu siciswa malo amodzi okha kawiri-kawiri, ndipo mng'alu waukulu ukatsekedwa, wina waung'ono umene unabisika umayamba kuoneka pa geji.

ZINA ZIMENE KUGONA KUONONGA

Injini yosiyidwa zaka iri ndi matenda ena osacokera ku cisanu. M'pampu ya madzi a panyanja muli kagudumu ka mphira ka mapiko. Kakakhala osazungulira mapiko ace auma ndi kuthyoka, ndipo zidutswa zace zikatseka timapaipi ta kutsogolo. Kasinthidwa nthawi zonse, ndipo phiko likasowa lifunidwa kufikira litapezeka. Mapaipi a mphira ndi zomangira zace ziyang'anidwa mosamala, makamaka za pansi pa msinkhu wa madzi, popeza paipi imodzi yophulika pamenepo imiza boti. Mpopi wa pansi pa boti wolowetsa madzi nawonso usweka ndi cisanu.

Mafuta akale akhutulidwa onse. Petulo wogona asanduka utomoni wotseka kabyuleta. M'thanki ya dizilo madzi asonkhana pansi, ndipo pamalire a madzi ndi dizilo pamera tizirombo tosaoneka ndi maso, topanga matope akuda otseka sefa. Pa injini yopacika kumbuyo kwa boti, oilo wa m'kabokosi ka magiya ka kunsi ayang'anidwa, cifukwa madzi olowamo akaundana ang'amba kabokosiko.

KULIZA KOYAMBA

Zonse zikamangidwa ndi magasiketi atsopano, mmisiri athira oilo ndi sefa zatsopano, nazunguza injini ndi sitata mapulagi asanabwezedwe, kuti oilo afike pa mabering'i. Aonetsetsa kuti pampu iri ndi madzi okoka, pakuti kagudumu ka mphira kapsa m'kanthawi kocepa kakazungulira pouma. Injini ikalira, ayang'ana ngati madzi aturuka ndi utsi, nayang'ananso geji ya oilo ndi ya kutentha.

Ikatentha bwino aizima, nayang'ana oilo. Akatuwa pang'ono, mwina ndi madzi akale otsalira m'makona, ndipo asinthidwa kawiri kapena katatu kufikira ayere. Akapitirira kutuwa ndi kukwera, mng'alu ulipobe. M'mawa mwace, injini itazizira, amasulanso mapulagi kuona ngati madzi alowa usiku. Ulendo woyamba ukhala wa pafupi ndi gombe, masana, ndi nkhafi, nangula ndi zobvala zoyandamitsa m'boti.

KUPEWA, NDI MAU KWA WOGULA

Nchito yonseyi, ya milungu ingapo, ipeweka ndi nchito ya ola limodzi. Cisanu cisanafike, mwini boti amasula timabauti tokhutulira madzi ta pa buloko ndi pa zitsulo za utsi, namasula mapaipi pamalo otsika. Apisa kawaya m'bowo liri lonse, cifukwa dzimbiri ndi mcenga zitseka bowo, madzi nangodontha pang'ono, munthu nayesa kuti atha pamene adzala m'kati. Ena atakhutula athiramo antifreeze wa mtundu wa propylene glycol, wosaopsa kwambiri ku nsomba. Injini yopacika kumbuyo iimikidwa ciriri kuti madzi atsike okha.

M'buloko ya madzi ace-ace, antifreeze wa ethylene glycol wosakaniza theka ndi theka ndi madzi saundana kufikira madigiri pafupi-fupi 37 pansi pa 0. Mankhwala amenewa aletsanso dzimbiri, cotero athandiza ngakhale ku dziko lotentha. Koma ndi poizoni wotsekemera, wakupha ana ndi agalu, ndipo sayenera kutayidwa pansi kapena m'nyanja.

Munthu wogula injini yakale yocokera ku dziko lozizira akumbukire kuti cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Utoto watsopano pa mbali imodzi yokha ya buloko, kabvundikiro kamodzi konyezimira pakati pa tinzace ta dzimbiri, oilo woyera kwambiri m'injini yakuda, zonsezi zifuna kufunsa. Injini yong'aluka m'kati ikhoza kulira bwino-bwino mphindi khumi pabwalo la wogulitsa. Wogula wanzeru apita ndi makanika wace, ndi pampu ndi geji, napempha kuyesa ndalama zisanaturuke m'thumba. Wogulitsa woona mtima sakana, pakuti kuyesako kutenga theka la ola ndipo sikuononga kanthu. Akakana, wogula abweze ndalama zace kunyumba ndi kufuna injini yina.